Mtengo wa Kalata ndi Pepala Loyenda ndi Thumba

Munthu wa ku Nthondo kapena wa kwa Kasakula, amene watsika mapiri a Ntchisi ndi kalata yake m'thumba la malaya, akafika pa positi ofesi nagula sitampa, amalipira mtengo womwewo umene amalipira mnzake wokhala pakati pa mzinda wa Lilongwe, ngakhale kuti kalata ya wa kumapiriyo idzadya mafuta ambiri, idzatha matayala pa miyala ndi m'matope, ndiponso idzadutsa m'manja ochuluka isanafike kumene ikupita. Ambiri a ife chinthu chimenechi tidachizolowera kotero kuti sitichifunsanso. Koma nzika yofuna kudziwa m'mene dziko lake liyendera iyenera kufunsa kuti, ngati mtengo wa sitampa uli umodzi pamene ndalama zoyendetsera kalata zili zosiyana, kodi amene amadziwa kusiyanako ndani, amakudziwa bwanji, nanga amene amakwaniritsa choperewera ndani? Yankho la mafunso atatuwa, ngakhale limakathera m'maofesi aakulu a ku Blantyre ndi a bungwe la mapositi a dziko lonse lapansi ku Bern, limayambira pamalo onyozeka ndithu, ndiwo kuseri kwa positi ofesi, pa nthawi imene matumba a makalata akukwezedwa m'galimoto, munthu wina ataima pambali ndi pepala ndi cholembera.

Tiyambe tadziwa eni ntchito. Kale makalata ndi lamya zinali m'nyumba imodzi, poyamba ngati nthambi ya boma, pambuyo pake pansi pa bungwe la Malawi Posts and Telecommunications Corporation. Koma lamulo la zofalitsa mauthenga la chaka cha 1998 lidagamula kuti ziwirizi zisiyane, ndipo m'chaka cha 2000 ntchito ya makalata idaperekedwa kwa Malawi Posts Corporation, ya lamya n'kupita kwa Malawi Telecommunications Limited. Lamulo lomwelo ndilo lidabala bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso ndi kuyang'anira onse onyamula makalata ndi mtokoma, aboma ndi amalonda omwe, ndipo m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idaika lamulo latsopano m'malo mwa lakalelo. Pamene positi inali kudya mbale imodzi ndi lamya, kuperewera kwa ndalama za makalata kunkabisika m'phindu la mbali inayo. Koma itapatsidwa nyumba yakeyake idayenera kudziwa, ntchito ndi ntchito, kuti iti ikubweza zimene yadya ndipo iti ikudya osabweza. Ndipo popeza masiku ano ndalama zimene kale zinkayenda pa positi zikuyenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba, moni amene ankalembedwa pa pepala akuyenda pa foni, funso limeneli lakula kuposa kale.

Tsono taonani ulendo wa kalata. Ikaponyedwa m'bokosi, kalaliki amaitulutsa naidinda chidindo chonena dzina la ofesi ndi tsiku, chimene chimapha sitampa kuti isagwirenso ntchito kawiri, komanso chimakhala mboni ya tsiku limene positi idalandira kalatayo. Kenaka makalata amasankhidwa monga mwa kumene akupita, namangidwa m'mitolo, mitoloyo n'kuikidwa m'thumba. Thumba limamangidwa pakhosi ndi chotsekera chimene sichimasuka popanda kuchidula, ndipo pakhosi pomwepo amapachikapo kapepala kolimba konena kumene thumbalo lachokera ndi kumene likupita. Makalata olembetsa, amene timati a rejisitala, saponyedwa pamodzi ndi anzake mwachisawawa, koma iliyonse imalembedwa payokha ndi nambala yake pa mndandanda umene umayenda nawo. Galimoto ikafika, kaya ndi ya positi, kaya ndi ya munthu wina amene wachita pangano lonyamula makalata, wopereka ndi wolandira amawerenga matumba onse awiri akuona, nasainira pa pepala lonena chiwerengero cha matumbawo. Ndipo kuyambira pa mphindi imeneyo mlandu wa thumba lililonse wachoka pamutu pa kalaliki, wakhala pamutu pa dalaivala, kufikira iyenso atasainirana ndi wolandira wa kutsogolo. Mwambo umenewu suli wa dziko lino lokha, ndiwo mwambo wa positi kulikonse kumene positi ili yolongosoka, ndipo ngwakale kuposa galimoto. Pakuti positi itayamba m'dziko muno ku Chiromo m'chaka cha 1891, matumba ankayenda pamitu ndi pamapewa pa amuna othamanga m'njira za m'thengo, ndipo panalibe china chosonyeza kuti thumba lafika lathunthu koma kuwerengerana kwa wopereka ndi wolandira.

Zonsezi ndi chiwerengero cha zinthu zonse, chimene sichidumpha thumba ngakhale limodzi. Koma chiwerengero chimenechi chimangonena kuti matumba anali angati ndi kuti analemera bwanji. Sichinena kuti m'katimo munali makalata ang'onoang'ono angati, maenivelopu aakulu a maofesi angati, timaphukusi tingati, ndipo sichinenanso kuti pa ola limene wantchito adatha akukweza katundu, mphindi zingati zidapita ku makalata ndi zingati ku maphukusi. Kuti munthu awerenge zonsezi tsiku ndi tsiku, kalata ndi kalata, pangafunike antchito ochuluka kuposa amene akunyamula makalatawo, ndipo galimoto ingagone pa Mponela kudikira kuti owerenga amalize. Chifukwa chake mapositi a dziko lapansi adapeza njira yachiwiri, ndiyo yotapa pang'ono n'kudziwirapo zonse.

Mlimi wa fodya wa ku Dowa sasowa womuphunzitsa njira imeneyi, chifukwa amaiona ku okushoni ku Kanengo: belo likatsegulidwa, ogula sayala tsamba lililonse, koma amasolola manja angapo a fodya, naweruza belo lonse ndi zimene asololazo. Amadziwanso mlimiyo kuti chiweruzo chotere chimakhala choona pokhapokha wodinda belo sadadziwiretu pamene dzanja la wogula lidzalowere. Pakuti akadziwa, adzaika tsamba labwino pamenepo ndi kubisa zinyalala pakati. Lamulo lalikulu la kutapa makalata ndi lomweli. Tsiku lowerengera, thumba lotsegulidwa, ndi wantchito woyang'anidwa siziyenera kusankhidwa ndi mtima wa munthu, koma mwa maere, ndiponso maerewo achitikire kutali ndi amene akuwerengedwa. Wowerenga akangosankha yekha thumba lopepuka chifukwa msana ukum'pweteka, kapena tsiku louma chifukwa akuopa matope a msewu wa ku Ntchisi, chiwerengero chake, ngakhale atalemba manambala onse molondola, chasanduka chabodza, popeza chikuimira masiku abwino okha ndi matumba opepuka okha. Tiyerekeze kuti thumba logwera maere lalemera makilogalamu 10, ndipo m'katimo mwapezeka zinthu 400. Ndiye kuti pa kilogalamu imodzi pali zinthu 40. Thumba limodzi silikwanira kuweruzira chaka. Koma matumba ambiri otapidwa motero, m'dzinja ndi m'chilimwe, pa nyengo ya mayeso a sukulu ndi pa nyengo ya Khirisimasi, akaphatikizidwa, amapereka chiwerengero chimene munthu angachulukitse ndi kulemera kwa matumba onse a chaka, nadziwa pafupifupi makalata onse amene adayenda, osawagwira onse.

Kuti tione mphamvu ya kuwerengera kotere, tibwerere ku England m'chaka cha 1837. Masiku amenewo kalata inkalipiridwa monga mwa kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira, kotero kuti osauka ankakana makalata a ana awo pakhomo chifukwa chosowa ndalama. Mphunzitsi wina dzina lake Rowland Hill adakhala pansi nawerengera, napeza kuti kunyamula kalata imodzi kuchokera ku London kufika ku Edinburgh, ulendo umene unkalipitsidwa ndalama yoposa sheleni, kunkadya gawo limodzi lokha mwa magawo 36 a peni. Ndalama zambiri zinkathera pa ntchito ya manja ya kuyeza, kulemba ndi kutolera malipiro kumayambiriro ndi kumathero kwa ulendo. Pamenepo iye adati, ngati ulendo weniweniwo uli wotchipa chotere, palibe chifukwa cholipitsira wakutali koposa wapafupi. Ndipo m'chaka cha 1840 mtengo umodzi wa peni imodzi udayamba, pamodzi ndi sitampa yoyamba yomata. Mtengo umodzi umene munthu wa ku Nthondo amalipira lero ndi mdzukulu wa kuwerengera kumeneko.

Komatu pano m'pofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwerengera kwa Hill kudaona ulendo kukhala wotchipa chifukwa ngolo za pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu ija zinkanyamula makalata ochuluka, ndipo mtengo wa ulendo umodzi ukagawidwa kwa makalata ambiri, gawo la kalata imodzi limachepa. Kumapiri kuno nkhani imatembenuka. Galimoto yochoka pa Mponela kukwera ku boma la Ntchisi imamwa mafuta omwewo, inyamule makalata 20 kapena 2,000; dalaivala amalandira malipiro omwewo; kalaliki amatsegula zenera ola lomwelo. Motero kalata ya kumapiri, ikawerengedwa payokha, imadya ndalama zoposa mtengo wa sitampa yake, ndipo choperewera chimalipiridwa ndi makalata a m'mizinda, ndi maphukusi a amalonda, ndi lendi ya mabokosi, kapena ndi thumba la boma. Ine sindiona cholakwa pamenepa, chifukwa fuko limene limadya chimanga, mtedza ndi soya wa ku Ntchisi, ndi kupeza ndalama zakunja ndi fodya wa ku Dowa, liyenera kufikitsa kalata kwa olima zimenezo. Koma kuthandizana kotere kumakhalitsa pokhapokha kukula kwake kukudziwika, ndipo sikungadziwike popanda pepala la pa galimoto lija.

Dziko limene lidafika patali koposa pa luso limeneli ndi United States, ndipo n'koyenera kuti tione m'mene amachitira kumeneko, chifukwa vuto limene adakumana nalo pa kukweza katundu ndi lathu lomwe. Lamulo lawo la 1970 lidati mtundu uliwonse wa makalata uzilipira ndalama zimene umadyadi, ndipo lamulo la 2006 lidaonjeza kuti ntchito zimene positi imapikisana nazo ndi makampani, monga maphukusi, zisamadyere ndalama za makalata wamba; bungwe la Postal Regulatory Commission ndilo limayesa chaka ndi chaka ngati zimenezi zikutsatidwa. Pofuna kudziwa m'mene nthawi ya antchito imagawikira, positi ya kumeneko ili ndi njira yotchedwa In-Office Cost System. Kompyuta imasankha mwa maere dzina la wantchito ndi mphindi ya tsiku. Pa mphindi imeneyo wowerenga amapeza wantchitoyo nalemba zimene akuchita ndi chimene chili m'manja mwake. Ngati wagwira kalata imodzi, amalemba mtundu wake, maonekedwe ake ndi m'mene idalipiridwira, ndipo mphindi imeneyo imawerengedwa pamutu pa mtundu umenewo wa makalata. Mphindi zotere, zikwi mazanamazana pa chaka, zikasonkhanitsidwa, zimasonyeza gawo la malipiro a antchito limene mtundu uliwonse wadya. Palinso njira zina zotapira makalata amene ogawa amatuluka nawo, ndi amene amayenda m'malole ndi m'ndege.

Tsono pamene zimavuta ndi pa kukweza katundu m'galimoto. Wogawa makalata akakhala pa tebulo akusankha, m'manja mwake mumakhala kalata imodzi yooneka bwino. Koma pamene akukankha chingolo kupita ku galimoto, m'chingolomo mumakhala zonse pamodzi: mitolo ya makalata, manyuzipepala, maphukusi aakulu ndi aang'ono. Kodi mphindi imeneyo ilembedwe pamutu pa yani? Wowerenga akangolemba kuti munthuyu anali kukweza katundu, osanena katundu wanji, mphindiyo imagwera m'gulu la ndalama zosadziwika mwini wake, zimene pambuyo pake zimagawidwa kwa mitundu yonse monga mwa zimene zidaoneka pa mphindi zina. Ndipo ngati mphindi zinazo zidaoneka makamaka pa tebulo, pamene makalata ang'onoang'ono ndiwo amachuluka, makalatawo adzasenza mtolo umene eni ake enieni ndi maphukusi. Pakuti aliyense amene adakwezapo katundu adziwa kuti mtolo wa makalata mazana awiri umakwezedwa ndi dzanja limodzi, pamene phukusi limodzi lalikulu limafuna kulinyamula, kulitembenuza, ndi kulipezera malo poti lidzatsike pa nthawi yake. N'chifukwa chake akatswiri a kumeneko, pamodzi ndi makampani opikisana ndi positi monga UPS, akhala akutsutsana kwa zaka zambiri pamaso pa bungwe la Postal Regulatory Commission lija za m'mene mphindi zotere ziyenera kugawidwira. Kwa womva mwapatali nkhani imeneyi ingaoneke yaing'ono. Koma tanthauzo lake ku Dowa ndi ili, kuti mayi wamasiye wolembera mwana wake wa ku sukulu asalipirire msana umene wathyoka ndi katundu wa wamalonda, ndiponso wamalondayo asalipitsidwe zoposa zimene katundu wake wadya. Miyeso iwiri, wina wogulira wina wogulitsira, makolo athu ndi aneneri akale adaida mofanana.

Pali chifukwa chinanso chachikulu chowerengera, ndicho ndalama zimene maiko amalipirana. Bungwe la Universal Postal Union lidakhazikitsidwa ku Bern pa 9 Okutobala 1874, maiko 22 atasainira pangano lakuti dziko lonse lapansi likhale ngati dera limodzi la makalata. Malawi adalowamo m'chaka cha 1966. Pachiyambi lamulo linali lakuti dziko lotumiza lisunge ndalama zonse za sitampa, ndipo dziko lolandira ligawe kalatayo mwaulere, poganiza kuti kalata iliyonse imabala yankho, kotero kuti zonse zidzalingana. Ganizo limenelo linali lokoma pakati pa maiko olingana chuma, koma kwa maiko onga lathu linali goli. Pakuti kuno kunkabwera mabuku, manyuzipepala, maphunziro a pakalata ndi maphukusi ochuluka kuposa zimene tinkatumiza, ndipo m'masiku a Wenela ndi Mthandizi, pamene amuna a m'midzi ya kwa Chiwere, kwa Msakambewa ndi kwa Kalumo anali ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ofesi zathu zinkagawa zimene sitampa zake zidagulidwa kwina. Msonkhano wa bungweli wa ku Tokyo m'chaka cha 1969 ndiwo udakonza chosalungama chimenechi, pogamula kuti dziko lotumiza zochuluka lizilipira dziko lolandira pa kilogalamu iliyonse yopyola.

Kuyambira pamenepo sikelo ndi pepala zidasanduka ndalama. Makalata a pandege otsikira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pakhomo penipeni pa boma la Dowa, kapena pa Chileka, amabwera ndi mapepala amene maiko onse adagwirizana maonekedwe ake: pali lotchedwa CN 38, limene positi ndi a ndege amasainirana popatsana matumba, pali CN 31, lonena chiwerengero ndi kulemera kwa matumba a ulendo umenewo, ndipo ngati wolandira apeza thumba losowa, long'ambika, kapena lolemera mosiyana ndi zolembedwa, amalemba CN 43 kudziwitsa dziko lotumiza. Thumba limodzi siliyenera kupyola makilogalamu 30, ndipo chinthu chimodzi choyenda ngati kalata wamba sichipyola makilogalamu 2. Masiku ano malipiro amawerengedwa pa kilogalamu ndi pa chinthu chimodzichimodzi, ndipo zinthuzo zimagawidwa m'magulu atatu: makalata ang'onoang'ono, maenivelopu aakulu, ndi timaphukusi. Pamene katundu woyenda pakati pa maiko awiri ali wochepa, amagwiritsa ntchito chiwerengero chimodzi chogwirizana cha zinthu za pa kilogalamu. Pamene ali wochuluka, amatapa matumba mwa maere monga tafotokozera. Kuti muone kuti nkhaniyi si yamasewera, kumbukirani kuti dziko la United States lidaopseza kutuluka m'bungweli chifukwa cha malipiro a timaphukusi ta malonda a pa intaneti tochokera ku China, mpaka padachitika msonkhano wapadera ku Geneva mu Seputembala 2019 wokonza mitengo. Kilogalamu imene yalowa m'dziko muno osalembedwa bwino ndi ndalama yakunja imene Malawi waitaya, chikhalirecho thumbalo lidzakwerabe mapiri ndi mafuta athu.

Tisaiwale wantchito amene pepala limeneli lili m'manja mwake. Iye ali ndi mzere wa anthu pazenera, dalaivala akuliza hutala panja kuti mvula yayandikira, ndipo pepala likufuna nambala ya thumba, kulemera kwake, ola lonyamukira ndi dzina. Chiyeso chake choyamba ndi kunena kuti ndidzalemba madzulo; madzulo n'kukhala mawa, mawa n'kukhala Lachisanu, pamene amadzaza mizere yonse ya sabata ndi zimene akukumbukira kapena zimene wamva kwa mnzake. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo pepala lolembedwa motero limaoneka laukhondo kuposa loona, chifukwa manambala ake amafanana tsiku ndi tsiku. Chiyeso chachiwiri chimachokera m'chikondi: wantchito wokonda kwawo, poopa kuti ofesi yaing'ono ingatsekedwe, amaonjezera pa chiwerengero. Mtima wake ndiumvetsa, koma njira yake ndiyikana. Pakuti mlandu suola, ndipo tsiku limene manambala a ofesi yotumiza adzayerekezedwe ndi a ofesi yolandira, bodzalo lidzaululika, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale zoona zochokera ku ofesi imeneyo sizidzakhulupiridwanso. Nawonso akuluakulu a ntchito ali ndi mangawa awo. Ngati agwiritsa ntchito pepala la kutapa ngati chikoti cholangira wantchito amene wapezeka atapuma pa mphindi yogwera maere, antchito onse adzaphunzira kuoneka otanganidwa wowerenga akamabwera, ndipo chiwerengero chidzafa. Kutapa kumayeza ntchito yonse pamodzi. Kuweruza munthu mmodzi kuli ndi njira zake zina. Ayeneranso kupereka sikelo yoona ndi mapepala okwanira, chifukwa n'kosalungama kufunsa kulemera kwa thumba kwa munthu amene sikelo yake idafa.

Komabe, nditatha kulemekeza chiwerengero chotere, ndiyenera kunena malire ake, chifukwa apa m'pamene ufulu wa nzika umalowera. Pepala la pa galimoto limanena zimene kalata yadya. Silinena zimene kalatayo yachita. Kalata yoitana mnyamata ku sukulu ya Robert Blake ku Kongwe, kalata ya penishoni ya mphunzitsi wopuma wa ku Mvera, chikalata cha bwalo la milandu, kapena uthenga wofika kwa munthu wothawa nkhondo wa ku Dzaleka, kumene anthu otere akhala akusungidwa kuyambira 1994, zonsezi pa sikelo ndi magalamu owerengeka, olingana ndi pepala la malonda limene wolandira adzayatsira moto. Ndiponso m'dziko muno, mmene positi siigogoda pakhomo la munthu koma imasiya kalata m'bokosi la pa ofesi, keyala imodzi ya sukulu kapena ya tchalitchi imatumikira midzi ingapo. Chotero wowerenga mabokosi a lendi angaone makasitomala ochepa pamene pali khamu la anthu. Chifukwa chake ngati kudzamveka kuti ofesi yakuti itsekedwa, kapena kuti galimoto izibwera kamodzi m'malo mwa kawiri, mafumu, makhansala ndi aphungu a Dowa ndi Ntchisi ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa kuti chiwerengero chidatengedwa m'miyezi iti, chidatengedwa ndi yani, chidawerenga anthu angati kuseri kwa bokosi limodzi, ndipo ofesi ina yapafupi ili pa mtunda wotani kwa munthu woyenda pansi m'dzinja. Angafunsenso za thumba la Universal Service Fund, limene lamulo la 2016 lidaika m'manja mwa MACRA kuti lithandize kufikitsa ntchito za mauthenga kumadera kumene amalonda saonako phindu. Manambala akanena kuti ofesi ikudya zoposa zimene ikupeza, nkhani siinathe. Yangofika pamene anthu osankhidwa ayenera kugamula ngati fuko lili lokonzeka kulipira choperewera, ndi kugamula akudziwa kukula kwake.

Kwa munthu payekha, mapepala onsewa amagwira ntchito tsiku limene katundu wake wasowa. Wotumiza chinthu chamtengo, monga satifiketi ya sukulu kapena chikalata cha malo, achite bwino kuchilembetsa ndi kusunga lisiti lake, chifukwa kalata wamba ilibe dzina m'kaundula aliyense, pamene yolembetsa imasiya phazi pa ofesi iliyonse imene yadutsa. Pa katundu wopita kunja nambala ya pa lisiti imakhala ndi zilembo ndi manambala 13: zilembo ziwiri kumayambiriro, manambala 9 pakati, ndi zilembo ziwiri za dziko lotumiza kumapeto, zimene kwa ife ndi MW. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Choncho wodandaula ayambe kwa mkulu wa positi ofesi imene adatumizirapo, atatenga lisitilo, ndi kupempha kuti dandaulo lake lilembedwe ndi kuti apatsidwe umboni wakuti lalandiridwa. Pamenepo a positi amatsata mindandanda ija chobwerera, thumba ndi thumba, saini ndi saini, kufikira atapeza pamene katunduyo adaonekera komaliza ndi munthu amene adamulandira. Ngati yankho silibwera, kapena labwera losakhutiritsa, nkhaniyo ipite kwa akuluakulu a Malawi Posts Corporation, ndipo ikakanika kumeneko, ku MACRA, amene lamulo lidawapatsa mphamvu yomva madandaulo a anthu pa ntchito za makalata. Pa katundu wolembetsa ndi maphukusi opita kunja, malamulo a Universal Postal Union amalola kufunsa m'kati mwa miyezi 6 kuchokera pamene katunduyo adatumizidwa. Miyeziyo ikatha, positi ya dziko linalo siikakamizidwanso kufufuza.